Katatu ndi Kapang'ono

M'mwezi wa June, anthu atamaliza kukolola, tidapita kukachita Misa ku mudzi wina wa kumalire a parishi yathu. Popeza njira ndi yaitali, tidafika Loŵeruka dzuŵa litapendeka kuti tigone komweko. Pakhomo pamene adatilandira tidapeza mwini wake, mkulu wa imvi zake ndiponso mmodzi mwa Akristu oyamba a m'deralo, akukonzeka kuluka nkhokwe yatsopano. Nsungwi zong'amba zinali mulu pambali. Mkuluyo adakhoma chikhomo pabwalo, namangirirapo luzi, ndipo ku nsonga ina ya luzilo adamangako kamtengo kosongola. Tsono adayamba kuyenda choŵerama, luzi atalikunga, kamtengo kakulemba m'dothi, mpaka adafikanso pamene adayambira. Ataŵeramuka, pansi padatsala mkombero wosalala, wopanda ngodya, wosadziŵika poyambira pake ndi pothera pake.

Ife tidafunsa kuti, "Agogo, nanga mumadziŵa bwanji kutalika kwa nsungwi yoti izungulire nkhokwe yonseyi?"

Iwo adati, "Bambo mfumu, n'zosavuta zimenezo. Mumayesa m'mimba mwake, n'kubwereza katatu, kenaka n'kuonjezapo kapang'ono."

"Kapang'onoko n'kakakulu bwanji?"

Adaseka, nati, "Kameneko amadziŵa ndi maso."

Pakhonde panali mdzukulu wao, mnyamata wa Folomu 3, amene adabwera kudzacheza kumudzi kumapeto a sabata. Iye adati, "Agogo, masamu alibe kapang'ono. Nambala yake ilipo, ndipo ndi 22/7. Dzina lake ndi pai." Agogo aja sadayankhe kanthu, adangotola nsungwi n'kuyamba ntchito.

Usiku titadya, amai ake a mnyamatayo adabwera, nagwada chapatali, nati, "Abambo, mwana wanu uja adaleka kupemphera. Akuti inu ansembe, munthu akakufunsani funso lovuta mumangoti n'chinsinsi, pamene ku sukulu funso lililonse lili ndi yankho lake lathunthu. Ine sukulu sindidapite nayo patali. Ndimuyankha chiyani?"

Tidagona pamphasa usiku umenewo, koma tulo sitidabwere msanga. Mau a maiwo adatilasa, pakuti m'dandaulo la mnyamatayo munali choona. Komabe m'mene tinkasinkhasinkha, maganizo athu ankangobwerera ku mkombero uja wa pabwalo, ndi ku kapang'ono ka agogo kaja. Tidaona kuti mnyamatayo, mosadziŵa, adatchula yekha nambala imene ingathe kumuyankha bwino kupambana ife. N'chifukwa chake tikufuna kuti mwezi uno tilingalire pamodzi za nambala imeneyi, popeza funso la mai uja likumveka m'mabanja ambiri.

Tiyambe ndi chinthu chimene aliyense angathe kuyesa kunyumba. Tengani ulusi, muuzunguze m'mphepete mwa mbale, ndipo muudule pamene nsonga zakumana. Kenaka muuyale m'mimba mwa mbaleyo, kuchokera m'mphepete, kudzera pakati penipeni, mpaka m'mphepete mwinamo. Mudzapeza kuti ulusiwo ukukwana katatu, n'kutsala kachidutswa. Bwerezani ndi lichero, ndi gudumu la njinga, ndi kukamwa kwa mtsuko, ndi mphete ya ukwati: mudzapeza zomwezo. Mkombero ukakula, kachidutswako kamakula nawo, ukachepa kamachepa nawo, mwakuti mukagaŵa kutalika kozungulira ndi kutalika kwa m'mimba, nambala yotuluka siisintha konse. Imayamba motere: 3.14159. Akatswiri a masamu amailemba ndi chilembo cha Chigriki π, chimene timachitchula kuti pai. Amene adayamba kuilemba choncho ndi William Jones wa ku Wales, m'chaka cha 1706, ndipo adasankha chilembochi chifukwa ndicho choyamba m'mau a Chigriki otanthauza mzere wozungulira.

Dzina adapereka ndi anthu, koma nambalayo sadaipange munthu. Inalipo kale wina asanaseme gudumu loyamba. Ponyani mwala pa dziŵe labata, muone m'mene mafunde amafalikira: mikombero yokhayokha, chifukwa funde limathamanga mofanana ku mbali zonse. Yang'anani mwezi wathunthu, kapena dzuŵa likamatuluka tsidya la nyanja; yang'anani mizere ya m'kati mwa thunthu la mtengo wodulidwa, chisa cha mbalame, mwanadiso wa khanda lanu. Ngakhale mbuzi yomangidwa pa chikhomo, imene siidapondepo m'kalasi, pofika madzulo imakhala italemba mkombero paudzu. Paliponse pamene chinthu chikufalikira mofanana kuchokera pamalo amodzi, kapena chikuyenda chitagwidwa pa mtunda wosasintha kuchokera pakati, mkombero umabadwa, ndipo pai amakhala ali momwemo.

Makolo athu mkombero adaudziŵa ndi manja. Nyumba zao zinali zozungulira, chimodzimodzinso nkhokwe, khola, mtondo, mphika ndi ng'oma. Sadachite izi pofuna kukongoletsa kokha ai. Mukakhala ndi mitengo yokwanira mpanda wa mamita 40, n'kumanga khola la mbali zinai zofanana, malo a m'kati adzakhala masikweya mita 100. Koma mukamanga lozungulira ndi mitengo yomweyo, malo adzapitirira masikweya mita 127. Palibe mamangidwe ena amene angasunge zambiri chotere ndi mpanda wochepa chotere. M'mapanga a ku Chongoni ku Dedza, kumene kuli malo 127 a zojambula zakale amene bungwe la UNESCO lidaŵaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi m'chaka cha 2006, mwa zithunzi zofiira zimene Akafula adasiya pamiyala muli mikombero, ina italoŵetsana m'kati mwa inzake. Mpaka lero pabwalo la milandu, pa gule, ndi pamoto madzulo, anthu amakhala mozungulira, kuti aliyense aone nkhope ya mnzake. Nayenso Eklezia sadaukane mkombero. Mkate umene wansembe amaukweza pa Misa ndi wozungulira. Kolona imatibwezera pamene tidayambira. Ndipo chaka cha Eklezia chikafika pa chikondwerero cha Kristu Mfumu, Lamulungu lotsatira timayambanso Adventi.

Chinthu chapafupi chotere, choti mkulu amachilemba ndi luzi ndi kamtengo, munthu angaganize kuti muyeso wake udadziŵika kalekale. Koma mbiri yake ndi ina.

Ku British Museum, mu mzinda wa London, amasungako mpukutu wa gumbwa umene udalembedwa ku Egypt zaka zoposa 1,500 Kristu asanabadwe. Mlembi wake dzina lake anali Ahmes. N'zokondweretsa kuti mwa mafunso a masamu amene adalembamo, ena ndi a nkhokwe zozungulira: nkhokwe ya mikono 9 m'mimba ndi mikono 10 msinkhu, mungaloŵe dzinthu zochuluka bwanji? Nkhaŵa yake inali yomwe ija ya agogo athu. Njira imene ankatsata, tikaiŵerengera lero, imapereka pai wa 3.16. Ku Babylon ena adapeza 3.125. Onseŵa adakaona kapang'ono kaja, koma aliyense adakayesa mwake.

Nkhaniyi imapezekanso m'Malembo Oyera. M'buku loyamba la Mafumu, mutu 7, timaŵerenga za chimbiya chachikulu chamkuŵa chimene mfumu Solomoni adapangitsa kuti chikhale pa Nyumba ya Mulungu ku Yerusalemu. M'mimba mwake munali mikono 10, ndipo kuzungulira kwake inali mikono 30. Pamenepa pai ndi 3 chabe, ndipo alipo anthu ena amene amaloza ndimeyi poseka Baibulo. Koma wolembayo sankaphunzitsa masamu. Ankasimba za ukulu wa Nyumba ya Mulungu, ndipo adaŵerenga monga timaŵerengera tonsefe tikamati ulendo ndi wa maola atatu; palibe amatitcha abodza chifukwa cha mphindi zimene tasiya.

Amene adayamba kukasaka mwadongosolo kapang'onoko ndi Archimedes wa ku Syracuse, pa chilumba cha Sicily, amene adaphedwa ndi msilikali wa Chiroma m'chaka cha 212 Kristu asanabadwe. Nzeru yake tiimvetse bwino, chifukwa tiifunanso kutsogoloku. Mzere woongoka ngwosavuta kuyesa, wokhota ndiye wovuta. Tsono iye adajambula chinthu cha mbali zoongoka 6 m'kati mwa mkombero, ngodya zake zikukhudza mkomberowo, najambulanso china chotero kunja kwake. Mkombero unali pakati, wautali kuposa cham'kati, waufupi kuposa chakunja. Kenaka adaŵirikiza mbalizo, zidakhala 12, kenaka 24, kenaka 48, mpaka 96, monga alenje amene akutsekereza nyama uku ndi uku. Pomaliza adaonetsa kuti pai ndi wamkulu kuposa 223/71, koma ndi wamng'ono kuposa 22/7.

Taimvani bwino mfundo imeneyi, inu ana a sukulu. Katswiri amene adatipatsa 22/7 ndi yemweyo amene adatsimikiza kuti 22/7 si pai. Ndi mpanda wakumtunda chabe, woti nyamayo siingaulumphe. Mukagaŵa 22 ndi 7 mumapeza 3.14285, pamene pai ndi 3.14159. Pa nkhokwe ya mamita 2 m'mimba, kusiyana kwake ndi mamilimita aŵiri ndi theka, kosafika ngakhale njere ya chimanga. Koma mutati muyese nayo dziko lathu lapansi, limene m'mimba mwake muli makilomita 12,756, mungaphonye ndi makilomita 16. Nanga munthu atangoti katatu basi, osaonjezapo kanthu? Nkhokwe ija ingatsale ndi mpata wa masentimita 28, wokwanira kuloŵa nkhuku. Agogo aja adalondola: kapang'onoko sikotaya.

Pambuyo pa Archimedes, anthu a mitundu yambiri adalandirana ntchitoyi. Ku China, m'zaka za m'ma 400, Zu Chongzhi adapeza 355/113, imene ili yolondola pa manambala 6 a pambuyo pa kadontho. Ku Leiden, m'dziko la Netherlands, Ludolph van Ceulen adathera mbali yaikulu ya moyo wake akuŵirikiza mbali monga Archimedes, mpaka adapeza manambala 35. Atamwalira m'chaka cha 1610, adaŵalemba pa mwala wa manda ake. Ku England, mphunzitsi wina dzina lake William Shanks adaŵerengera ndi manja zaka zambiri, ndipo m'chaka cha 1873 adalengeza manambala 707. Adamwalira anthu akumtama. Koma m'zaka za m'ma 1940, D. F. Ferguson, pobwereza ntchitoyo, adapeza kuti Shanks adaphonya pa nambala ya 528, ndipo zonse zotsatira zinali zolakwa.

Kodi anthu ameneŵa akadalimbikira pang'ono, akadafika pa nambala yomaliza? Funso limeneli adaliyankha ndi Johann Heinrich Lambert m'chaka cha 1761. Iye adatsimikiza, ndi umboni woti palibe angautsutse, kuti palibe manambala aŵiri athunthu amene mutagaŵa ina ndi inzake mungapeze pai weniweni. Tanthauzo lake n'lakuti manambala a pai alibe mathero, ndiponso safika poti n'kumangobwereza okhaokha. Mukagaŵa 22 ndi 7, manambala 142857 amabwerabwera mpaka kalekale, ndipo mukaŵaona kamodzi mwaŵadziŵa onse. Pai satero. M'chaka cha 1882, Ferdinand von Lindemann adaonjezapo umboni wina, umene udathetsa chiyembekezo cha zaka zoposa 2,000 choti munthu angathe, ndi rula ndi kampasi zokha, kujambula sikweya yofanana kukula ndi mkombero. M'chaka cha 1949 kompyuta yotchedwa ENIAC idapeza manambala 2,037. M'chaka cha 2022 makompyuta adafika pa manambala matiriliyoni 100, ndipo ena adapitirira kale pamenepo. Komabe onseŵa sadasendereko kufupi ndi mathero, pakuti matherowo kulibe.

Tsono apa ndiye pagona nkhani. Ku sukulu komweko, m'phunziro lomwelo limene mnyamata uja ankalidalira kuti lili ndi mayankho athunthu, muli chinthu choona, chosasintha, chopezeka m'mbale ya m'nyumba mwake, chimene munthu sangachidziŵe mpaka kuchimaliza. Ndipo amene akunena kuti sichimalizika si ansembe ai, ndi masamu enieniwo. Komanso taonani mbali inayi: kusamalizika kwake sikudaletsepo munthu kugwira ntchito. Agogo amaluka nkhokwe ndi katatu ndi kapang'ono. Mwana wa sukulu amakhoza mayeso ndi 22/7. Akatswiri a bungwe la NASA ku America, potumiza zombo ku maiko a mlengalenga, amagwiritsa ntchito manambala 15 okha a pambuyo pa kadontho, ndipo zombozo zimafika. Aliyense amadziŵa zoona, aliyense amadziŵa zomkwanira pa ntchito yake, koma palibe amadziŵa zonse.

Tili ku seminale tidaphunzira za munthu wina amene adaiona mfundo imeneyi kale kwambiri Lambert asanabadwe. Ameneyu ndi Nicholas wa ku Cusa, mwana wa mwini mabwato pa mtsinje wa Moselle ku Germany, amene adabadwa m'chaka cha 1401, nadzakhala kadinala ndi episkopi. M'chaka cha 1440 adamaliza buku lotchedwa De Docta Ignorantia, ndiye kuti umbuli wa munthu wophunzira. M'bukumo adatenga chithunzi chomwe chija cha Archimedes, nafanizira nzeru za munthu ndi chinthu cha mbali zambiri chojambulidwa m'kati mwa mkombero, ndipo choonadi adachifanizira ndi mkomberowo. Mukachulukitsa mbali, chinthucho chimanka chifananafanana ndi mkombero, ndipo kusendera kwakeko n'kwenikweni. Koma ngakhale mbalizo zichuluke chotani, ngodya zimakhalapobe. Kadinalayo sankanyoza maphunziro, pakuti iye mwini adali wokonda masamu. Ankatiphunzitsa kuti munthu wophunzira zedi ndi amene amapitiriza kuchulukitsa mbali, akudziŵa kuti mkombero ndi waukulu kuposa iye. Paulo woyera adaŵauzanso zofanana Akristu a ku Korinto, kuti kudziŵa kwathu pansi pano n'kwa mbali chabe, ndipo kudziŵa kwathunthu kukutidikira kutsogolo.

Palinso china choti tichilingalire. Mkombero wangwiro palibe munthu adauonapo ndi maso. Wa agogo uja unali ndi mabampu a dothi. Dziko lapansi ndi lotupa pakati, mwakuti kuyesa modutsa kumpoto ndi kumwera kumachepa ndi makilomita pafupifupi 43. Kwa zaka zambirimbiri anthu ophunzira ankakhulupirira kuti zam'mlengalenga zimayenda m'mikombero yangwiro, mpaka m'chaka cha 1609 pamene Johannes Kepler adaonetsa kuti njira ya Mars ndi yoŵulungika motalikirako. Komabe tonsefe mkombero wangwirowo timaudziŵa, ndipo ndi umene timayesera gudumu tikamati lapindika. Chinthu chosaoneka ndi maso chikuŵeruza zooneka. Mwana amene wavomera zimenezi m'kalasi asafulumire kunena kuti chosaoneka kulibe.

Tikamati Utatu Woyera ndi chinsinsi, kapena Ukaristia, kapena kuuka kwa akufa, tanthauzo lake loona ndi lotere: ndi choonadi chimene Mulungu adatiululira, chimene tingathe kuchidziŵa ndithu ndi kukhalira moyo, koma chimene sitingachimalize, chifukwa mwini wake alibe malire. Chinsinsi chili ngati chitsime chosaphwa. Wobwera ndi chikho amatunga, wobwera ndi mtsuko amatunga, ndipo m'maŵa mwake madzi amakhala alipobe. Fanizo la pai lili ndi polekezera pake, pakuti Mulungu si nambala, ndipo nambala siikonda munthu. Koma limatithandiza kuona kuti kusamalizika si chizindikiro cha bodza.

Pamenepa ife ansembe, pamodzi ndi akatekisiti ndi makolo, tiyenera kudziguguda pachifuwa. Kaŵirikaŵiri mau akuti chinsinsi taŵasandutsa chivundikiro chotsekera pakamwa pa mwana. Mwana akafunsa chimene ife sitidachiganizepo, kapena akafunsa titatopa, timati, "N'chinsinsi, usafunse." Potero timafanana ndi munthu woti katatu n'kokwanira, kapang'onoko n'kamwano. Nkhokwe ya chikhulupiriro cha mwanayo imatsala ndi mpata, ndipo tsiku lina akadzapita ku sukulu zapamwamba kapena ku tauni, nkhuku zidzaloŵera pomwepo. Kufunsa ndi kudziŵa njira, adatero akale. Mwana wofunsa za Mulungu akuchulukitsa mbali, ndipo ntchito yathu ndi kuŵerenga naye limodzi. Ngati yankho tilibe, tinene poyera kuti tilibe, tikafunse kwa ena, tidzabwere nalo. Nkhani ya Shanks itikumbutse kuti ngakhale wakhama amaphonya, ndipo woŵerenga yekha saona polakwa pake. N'chifukwa chake chikhulupiriro timachisunga pamodzi, m'banja, mu mphakati ndi mu Eklezia yense, wina akuongola mnzake.

Koma kulinso kulakwa kwa mbali inayo, ndipo tikukunena kwa inu achinyamata mwachikondi. Ndiko kunena kuti, "Sindiluka nkhokwe mpaka nditadziŵa nambala yomaliza." Wotero chimanga chake chidzathera pabwalo, chiswe ndi mvula zikugaŵana. Palibe chinthu chachikulu pa moyo chimene munthu amachiyamba atachimvetsa chonse. Taganizani za mphete imene mwamuna ndi mkazi amavekana pa guwa. Tsiku limenelo amadziŵana katatu ndi kapang'ono, ndipo n'zokwanira kumangira banja. Pakapita zaka 40 amadziŵana kwambiri, komabe mnzakeyo amakhala asanathe. Tsiku limene mwamuna anena mumtima kuti, "Ameneyu ndidamdziŵa kale, palibe chatsopano," ndi tsiku limene chikondi chimayamba kuzirala. Chimodzimodzinso kholo likanena kuti, "Mwana uyu ndi wotayika," lalemba nambala yomaliza pa munthu amene Mulungu akumŵerengabe. Ngati munthu mnzathu, wolengedwa m'chifaniziro cha Mulungu, samalizika chotere, nanga Mlengi wake?

Lamulungu m'maŵa, anthu asanasonkhane, tidamuitana mnyamata uja pafupi ndi nkhokwe yoyambidwayo. Tidampempha kuti agaŵe 22 ndi 7 padothi, ndipo adatero mwaluso. Pansi pa yankho lake ife tidalembapo 3.14159265. Adayang'ana nthaŵi yaitali.

"Ndiye kuti aphunzitsi adatinamiza, Abambo?"

"Ai, sadakunamizeni. Adakupatsani yokwanira ntchito ya Folomu 3."

"Nanga yomaliza ndi iti?"

"Palibe. Ndipo adatsimikiza zimenezo ndi anthu a masamu."

Adakhala chete, akufufuta manambala aja ndi chala cha kuphazi. Kenaka funso lake lenileni lidatuluka, ndipo silinali la masamu. Bambo ake adamwalira iye ali Folomu 1, mpingo wonse ukuŵapempherera. Pamaliro adafunsa chifukwa chake, ndipo wina adamuuza kuti n'chinsinsi cha Mulungu, asafunse. Kuyambira tsiku limenelo sadafunsenso, ndipo sadapempherenso.

Nambala yomaliza ya funso limenelo ifenso tinalibe, ndipo tidamuuza choncho. Koma tidamuuza manambala oyamba, amene tikuŵadziŵa motsimikiza. Tidamuuza kuti Mulungu sakondwera ndi imfa. Kuti Ambuye Yesu adalira pa manda a bwenzi lao Lazaro. Kuti iwonso ali pamtanda adafuula kwa Atate ndi funso. Kuti adafa, nauka, ndipo bambo ake ali m'manja mwa amene adagonjetsa manda. Tidamuuzanso kuti kufunsa Mulungu chifukwa chake, ngakhale ndi mkwiyo ndi misozi, ndi pemphero ndithu, ndipo buku la Masalimo ladzaza ndi mapemphero otere. Sadayankhe. Pa nthaŵi ya Misa sadaloŵe m'tchalitchi, koma tidamuona ataima panja pafupi ndi zenera mpaka pa dalitso lomaliza. Amai ake tidaŵapempha kuti asamkalipire, ndipo akafunsa zovuta asachite mantha, angomuuza kuti, "Tiye tikafunse limodzi."

Patapita milungu isanu tidabwereranso ku mudzi uja. Nkhokwe inali itaima pa mitengo yake, yofolera bwino, yodzaza mpaka pakamwa. Tidafunsa za chikhomo chija, ndipo agogo adati adachizula tsiku lomwe adamaliza kuluka. Munthu wodutsa panjira amaona nsungwi zokha. Pakati pamene ntchito idayambira sapaona. Komabe nsungwi iliyonse ili pamene ilipo chifukwa cha chikhomocho, ndipo palibe imene ili pafupi nacho kuposa inzake. Luzi likadamasuka, kapena mkuluyo akadati ayende m'mene afunira, sipakadakhala nkhokwe yosunga chakudya cha banja mpaka mvula ya maŵa.

Agogo adatipatsa kalata imene mdzukulu wao adasiya pobwerera ku sukulu. Munali mafunso atatu, onse ovuta. Aŵiri tayankha kale. Lachitatu tikuŵerengabe mabuku, ndipo talembera mphunzitsi wathu wakale wa ku seminale kuti atithandize.

Inu makolo, madzulo ano mukatha kudya, tengani ulusi ndi mbale, muitane ana, muyese nawo. Akadabwa ndi kachidutswa kotsalako, musakabise. Auzeni kuti anthu anzeru akhala akukalondola zaka zoposa 3,500, ndipo sikadathe. Kenaka mugwade nawo pamodzi, muyamike Mulungu amene adatipatsa nzeru zokwanira kuluka nkhokwe, natisiyira kapang'ono koti tizimfunafuna masiku onse a moyo wathu, mpaka tsiku limene tidzamuone maso ndi maso.